Ntchito ya makatuni ndi VFX: momwe imayendera ndi pomwe munthu angalowere

Filimu yaikulu ikatha, ambiri timadzuka nyimbo yomaliza isanafike ndi pakati pomwe. Amene amakhalabe pampando amaona mayina akukwera pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu, nthawi zina kuposa apo. Mayina a osewera amene timawadziwa nkhope amatha msanga. Mazanamazana otsalawo ndi a anthu amene sanaonekepo pa kamera, ndipo ambiri mwa iwo ndi amisiri a VFX (visual effects, kusintha pakompyuta zimene kamera yajambula) ndi animeshoni, anthu amene anakhala miyezi pakompyuta kuti nyumba igwe, nyanja ikalipe, nyama ilankhule, woonera osakayika ngakhale pang'ono.

Wachinyamata amene wakopeka ndi ntchitoyi, kaya ali ku Ndirande, ku Chipata kapena ku Tete, kawirikawiri amayamba ndi funso lakuti, "Ndiphunzire pulogalamu iti?" Funsolo ndi lomveka, koma limabwera nthawi yake isanakwane. Loyenera kutsogola ndi lakuti, "Pa ntchito zonse zimene zili m'kati mwa filimu, ine ndidzagwira iti?" Situdiyo silemba munthu chifukwa choti amadziwako pang'ono chilichonse. Imalemba munthu amene ingamupatse kachigawo kamodzi ka ntchito n'kukagona tulo, podziwa kuti kabwera kali bwino pa tsiku lomwe anagwirizana.

Animeshoni ndi VFX ndi zapachibale koma si chinthu chimodzi. Mu animeshoni zonse zimene mukuona zimachita kupangidwa, kaya pojambula pamanja, poumba zidole n'kumazijambula pang'onopang'ono, kapena pakompyuta. Mu VFX mumayamba ndi zimene kamera yajambula, anthu enieni pamalo enieni, kenako mumachotsapo kapena kuwonjezerapo. Anthu akamva za VFX amaganiza za mabomba ndi zilombo, koma ntchito yambiri ndi imene woonera sangaizindikire: kufufuta chingwe chimene chinamangirira wosewera polumpha, kuchotsa chikwangwani chamakono mu filimu ya nkhani yakale, kusintha thambo lotuwa kuti likhale la mvula, kuchulukitsa anthu makumi asanu kuti adzaze bwalo la mpira.

Kuti mumvetse chifukwa chake ntchitoyi imafuna anthu ambiri chotere, werengerani zithunzi. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse. Mphindi imodzi ndi zithunzi 1,440, ndipo filimu ya mphindi 90 ndi zithunzi 129,600. Ojambula pamanja amachepetsako poonetsa chojambula chimodzi kawiri, komabe mphindi imodzi imafuna zojambula 720. M'masitudiyo akuluakulu opanga mafilimu a makatuni, katswiri woyendetsa zidole amamaliza masekondi ochepa chabe pa sabata yathunthu, ndipo mabwana ake amakhutira.

Ntchito imayenda motsatana, kuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo. Nkhani ikalembedwa, wojambula storyboard amaiika m'zithunzi zachangu zoonetsa pomwe kamera ikhale ndi zomwe zikuchitika. Zithunzizo amazilumikiza ndi mawu a osewera kuti aone kutalika kwa shoti iliyonse (kachigawo ka filimu kooneka mosadukiza); zimenezi ndi zomwe amati animatic, ndipo pamenepa ndi pomwe kusintha maganizo kumakhala kotchipa. Kenako woumba, amene amachita modelling, amapanga thupi la munthu, galimoto kapena mtengo pakompyuta. Wina amalipaka khungu: mtundu, kukhakhala, dzimbiri, thukuta. Thupilo limakhala lokongola koma louma ngati chosema, silingapinde bondo.

Apa ndi pomwe amalowera munthu wa rigging, ntchito imene achinyamata ambiri saidziwa koma masitudiyo amaisaka. Aliyense amene anapangapo galimoto ya mawaya ali mwana akudziwa kuti kupinda bodi n'kosavuta, luso lenileni lili pa chiwongolero, kuti ukapotoza waya wautali uja m'manja matayala akutsogolo atembenuke osakakamira. Wa rigging amachita zomwezo: amaika mafupa m'kati mwa thupi lija, amauza khungu momwe litambasukire chigongono chikapindika, ndipo amapanga zogwirira zoti mnzake azikoka kuti chikope chitseke kapena mlomo unjenjemere. Akalakwitsa iye, aliyense wobwera pambuyo pake amavutika miyezi. Ntchitoyi imafuna munthu wodziwa momwe thupi limagwirira ntchito, wosaopa masamu, ndipo amene waphunzirako kulemba mapulogalamu m'chinenero cha Python amafunidwa kwambiri.

Woyendetsa chidole, animator weniweniyo, ndi wosewera amene amagwiritsa ntchito thupi la wina. Ambiri amadzijambula okha pafoni akuchita zomwe chidolecho chiyenera kuchita, n'kumaonera kambirimbiri kuti aone pomwe kulemera kwa thupi kumasamukira kuchoka mwendo uwu kupita winawo. Pambuyo pake pamabwera a moto, madzi, utsi, fumbi, nsalu ndi tsitsi, amene amagwiritsa ntchito kwambiri pulogalamu ya Houdini ya kampani ya SideFX ya ku Toronto. Iyi ndi mbali imene wophunzira wokonda fizikisi angaipeze yokoma. Kenako wowunikira amaika magetsi ndi mithunzi, ndipo makompyuta amayamba kuwerengera chithunzi chilichonse, ntchito imene amati rendering. Pa shoti yovuta chithunzi chimodzi chingatenge maola, n'chifukwa chake masitudiyo amakhala ndi zipinda zodzaza makompyuta ogwira usana ndi usiku.

Womaliza ndi wa compositing, amene amasonkhanitsa zidutswa zonse kuti zikhale chithunzi chimodzi. Kwa ine iyi ndi ntchito imene imaphunzitsa maso kuposa zonse. Chinthu chopangidwa pakompyuta chimabwera choyera kwambiri, chakuthwa kwambiri, pomwe kamera yeniyeni imakhala ndi zofooka zake: timadontho ta phokoso pachithunzi, kusokonekera kwa chinthu chothamanga, kupindika pang'ono m'mbali mwa lenzi, kutuwa kwa zinthu zakutali chifukwa cha fumbi la mumlengalenga. Wa compositing amabwezeretsa zofooka zonsezi mpaka chabodza ndi chenicheni zikhale ngati zinajambulidwa tsiku limodzi. Akaona kuti mdima wa chinthu chowonjezeracho ndi wakuda kuposa mdima wa malo enieni, amadziwa kuti woonera adzamva kuti china chake chalakwika ngakhale sangathe kunena kuti n'chiyani. M'mafilimu akuluakulu pulogalamu yake ndi Nuke ya kampani ya Foundry ya ku London. Nsalu yobiriwira imene mumaiona kumbuyo kwa osewera imagwera m'manja mwa munthu ameneyu, ndipo imakhala yobiriwira chifukwa mtunduwo uli kutali ndi mtundu wa khungu la munthu. Opanga makanema a nyimbo kwathu kuno ambiri amaigwiritsa ntchito, koma vuto lomwe limaoneka kawirikawiri ndi kuimika woimba pafupi kwambiri ndi nsaluyo, kubiriwira n'kumwazikira m'tsitsi ndi m'masaya, komanso kuunikira nsaluyo mosafanana. Zimenezi zimakonzedwa tsiku lojambula ndi mamita awiri kapena atatu a mpata, osati pakompyuta.

Palibe amene amayambira pamwamba. Mu VFX makomo olowera odziwika ndi atatu. Roto ndi kudula munthu kapena chinthu pachithunzi chilichonse pamanja, kutsata mzere wa phewa ndi chala pamene akuyenda. Paint ndi kufufuta zosafunika n'kubwezeretsa zomwe zinali kumbuyo kwake. Matchmove ndi kuwerengera momwe kamera yeniyeni inayendera kuti kamera ya pakompyuta iyende chimodzimodzi, chinthu chowonjezera chisamatsetsereke pansi. Ndi ntchito zotopetsa, ndipo zambiri mwa izo masiku ano zimachitikira ku India, m'mizinda ngati Mumbai, Hyderabad ndi Bengaluru. Koma musazipeputse. Munthu amene wakhala chaka akudula tsitsi la wosewera chithunzi ndi chithunzi amatuluka ndi maso oona zomwe ena saona, ndipo akatswiri ambiri a compositing anadutsa pamenepo.

Maso amenewa ndiye chuma chenicheni, ndipo kuwaphunzitsa sikufuna ndalama. Mfundo 12 za animeshoni zimene akatswiri awiri a ku Disney, Frank Thomas ndi Ollie Johnston, analemba m'buku lawo la mu 1981 zikuphunzitsidwabe paliponse, ndipo zonse zinachokera pa kuonetsetsa momwe zinthu zimayendera. Munthu asanalumphe amayamba wanyonyomala. Mpira ukagunda pansi umaphwatalala kenako n'kutambasuka. Munthu akaima mwadzidzidzi, chitenje ndi ndolo zimapitirirabe pang'ono. Khalani pamjigo m'mawa muone mayi akutukula ndowa yodzaza: momwe amayambira kuikweza pabondo, momwe khosi limalimbira, momwe chiuno chimayendera kwambiri kuti mutu usagwedezeke. Muonenso akubwerera ndi ndowa yopanda kanthu. Mukatha kuonetsa kusiyana kwa maulendo awiriwo ndi kachidole kopanda nkhope, kopanda zovala, ndiye kuti mwayamba kukhala animator. N'chifukwa chake masukulu onse amayambitsa ophunzira ndi mpira wodumpha, kenako kayendedwe ka munthu, kenako kunyamula chinthu cholemera, ndipo nkhope ndi kulankhula zimabwera kumapeto. Amene amathamangira kupanga ndewu ya zilombo asanathe mpira amaonekera msanga.

Tsopano tingakambe za mapulogalamu. Kale khomo linali lotseka chifukwa cha kukwera mtengo kwa mapulogalamuwa. Lero si choncho. Blender, imene anayambitsa Ton Roosendaal wa ku Netherlands, inakhala yaulere mu 2002 anthu oikonda atasonkha ndalama zoposa mayuro 100,000 kuti aiwombole kwa eni ake akale. Imaumba, imaika mafupa, imayendetsa zidole, imajambula makatuni a pamanja, imachita rendering, ndipo simulipira kalikonse ngakhale mukupangira malonda. Amene ankanena kuti ndi chidole cha ophunzira anasowa chonena mu 2025, pamene filimu ya Flow ya Gints Zilbalodis, yopangidwa ndi Blender, inapata mphoto ya Oscar ya filimu yabwino kwambiri ya makatuni. Inachokera ku Latvia, dziko la anthu osakwana 2 miliyoni, mothandizana ndi anzawo a ku France ndi Belgium, pa ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene masitudiyo a ku America amawononga. DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wokhala ndi Fusion, momwe mungaphunzirire compositing. Krita ndi OpenToonz ndi zaulere kwa ojambula pamanja. Houdini ndi Nuke zili ndi mitundu yaulere ya ophunzira, yosaloledwa kupangira malonda. Maya, imene masitudiyo ambiri akuluakulu amagwiritsabe ntchito poyendetsa zidole, mudzaiphunzira m'masabata ochepa ngati luso lenilenilo munalipeza kale kwina. Poona zonsezi, sindiona chifukwa choti munthu aziika mapulogalamu okuba m'kompyuta yake. Amabwera ndi mavairasi, ndipo kasitomala wakunja akadziwa amathetsa mgwirizano pomwepo.

Zoti muyeserere nazonso zilipo. Bungwe la Blender limatulutsa mafilimu ake aafupi pamodzi ndi mafayilo onse, kuti aliyense atsegule aone momwe akatswiri anamangira chidole kapena kuunikira chipinda. Kompyuta yokhala ndi RAM ya 16GB ndi khadi ya zithunzi (graphics card) yapakatikati ikukwanirani kwa nthawi yaitali. Amene alibe kompyuta asadikire. Foni yomangirira pamalo amodzi, dongo la kudambo ndi pulogalamu yojambulira chithunzi chimodzichimodzi n'zokwanira kuphunzira kayendedwe ndi nthawi. Situdiyo yaikulu ya Triggerfish ya ku Cape Town inayamba mu 1996 ndi zidole zojambulidwa motero.

Nanga sukulu? Pali masukulu otchuka monga Gobelins ku Paris, Bournemouth University ku England ndi The Animation School ku Cape Town. Amene wapeza mwayi ndi thandizo la ndalama apite, chifukwa kumeneko amapeza aphunzitsi odzudzula ntchito yake tsiku ndi tsiku komanso anzake amene adzamuitanire ntchito mtsogolo. Digiri imathandizanso pofuna chilolezo chogwirira ntchito kudziko lina. Koma wolemba ntchito ku situdiyo amayamba waona showreel, kanema wamfupi wa ntchito zanu, ndipo satifiketi amaiona pambuyo, ngati angaione n'komwe. Makolo amene akuganiza zogulitsa munda kuti mwana akaphunzire kunja ayambe amufunsa kuti awaonetse zomwe wapanga yekha m'chaka chathachi. Ngati palibe, sukulu siingamupatse njala ya ntchitoyi. Triggerfish ili ndi maphunziro aulere pa intaneti a oyamba kumene, ndipo ndi poyambira pabwino poyesa ngati mtima ulidi pamenepo.

Showreel imalakwitsidwa kwambiri. Isapitirire mphindi imodzi kapena ziwiri. Ntchito yabwino koposa ikhale koyambirira, chifukwa woonayo ali ndi ina mazana yoti aone ndipo akhoza kutseka pakangotha masekondi khumi. Shoti zitatu zabwino zimaposa khumi zosakaniza, popeza amakuyezani ndi yofooka kwambiri imene mwaikamo: imaonetsa kuti simunathe kuona kuti ndi yofooka. Ngati mukufuna ntchito yoyendetsa zidole, musawononge nthawi kuumba chidole chanu. Tengani chomwe ena anamanga kale, chololedwa, muonetse kayendedwe basi. Ngati ndinu wa compositing, onetsani chithunzi choyambirira, zidutswa zomwe munawonjezera, kenako chomaliza. Ndipo lembani poyera mbali imene munachita inuyo pa shoti iliyonse. Amisiri a ntchitoyi amadziwana, ndipo mbiri ya munthu amene anaba ntchito ya mnzake imafika ku masitudiyo a ku Vancouver ku Canada iye asanafike. Showreel yanuyo iikeni pa masamba a pa intaneti a Vimeo kapena ArtStation, ndipo LinkedIn ndi komwe olemba ntchito amasakira anthu.

Mukalowa mu situdiyo mudzapeza mwambo wa tsiku ndi tsiku woonetsa ntchito pamaso pa gulu lonse, woyang'anira n'kumanena zoti zisinthidwe. Shoti imodzi ikhoza kubwezedwa kakhumi, kamakumi awiri. Apa ndi pomwe aluso ena amagwera, chifukwa amamva ngati akunyozedwa. Palinso vuto lathu la ulemu wopitirira: kuvomera kuti "ndamva bwana" usanamve, kapena kubisa kuti ntchito yachedwa mpaka tsiku lomaliza. M'ntchito yolumikizana chotere, kunena Lachiwiri kuti simumaliza pofika Lachisanu ndi khalidwe limene woyang'anira amalilemekeza, chifukwa pali anthu anayi amene akudikira fayilo yanuyo.

Pali mbali ina imene otsatsa maphunziro satchula, ndipo munthu ayenera kuidziwa asanaikepo moyo wake. Bizinesi ya VFX ndi yogwedezeka. Makampani opanga mafilimu akuluakulu ndi ochepa, masitudiyo olimbirana ntchito zawo ndi ambiri, ndipo kawirikawiri amagwirizana mtengo umodzi ntchito isanayambe. Wotsogolera filimu akasintha maganizo kangapo, situdiyo ndi imene imaluza. Mu February 2013 kampani ya Rhythm & Hues ya ku Los Angeles inalengeza kuti yagwa pa zachuma, ndipo m'mwezi womwewo ntchito yake pa filimu ya Life of Pi inapata Oscar. Mu 2023 olemba ndi osewera a ku Hollywood ananyanyala ntchito kwa miyezi, ndipo amisiri ambiri a VFX padziko lonse anakhala pakhomo chifukwa kunalibe zojambulidwa zoti akonze. Mu February 2025 gulu la Technicolor, eni ake a masitudiyo a VFX a MPC ndi The Mill, linagwa, anthu zikwizikwi n'kutaya ntchito m'masiku ochepa. Makontirakiti ambiri ndi a miyezi, ntchito ikatha mumasaka ina, ndipo masabata omaliza a filimu amakhala a maola aatali owononga msana, maso ndi mabanja. N'chifukwa chake mu 2023 amisiri a VFX a ku Marvel anavota kulowa m'bungwe la ogwira ntchito la IATSE.

Ntchitoyi imatsatanso misonkho. London, Vancouver, Montreal ndi Sydney zinakula chifukwa maboma akumeneko amabweza gawo la ndalama kwa opanga mafilimu amene alemba ntchito anthu okhala m'dera lawo. Izi zikukhudza mwachindunji wachinyamata wa ku Lilongwe amene akulota zogwirira situdiyo yaikulu ali kunyumba. Kugwirira ntchito kutali kunafala kuyambira nthawi ya Covid mu 2020, koma situdiyo ya ku Canada ikalemba munthu wokhala kunja imataya ndalama ya msonkho ija, ndiponso eni mafilimu ali ndi malamulo okhwima oteteza zithunzi kuti zisatuluke nthawi isanakwane. Ntchito zakutali zimene zimapezeka mosavutirapo ndi za masitudiyo aang'ono, otsatsa malonda, opanga masewera a pakompyuta ndi opanga makanema a pa YouTube.

Mu Africa muno zinthu zasuntha m'zaka zaposachedwa. Triggerfish inatulutsa Adventures in Zambezia mu 2012 ndi Khumba mu 2013. Mu 2023 Disney+ inaonetsa Kizazi Moto, mafilimu aafupi khumi a opanga ochokera m'mayiko angapo a mu Africa, ndipo mu 2024 inatulutsa Iwájú, nkhani ya mumzinda wa Lagos, mogwirizana ndi kampani ya Kugali. Ku Dar es Salaam bungwe la Ubongo lakhala likupanga makatuni ophunzitsa ana amene amaonetsedwa m'mayiko ambiri. Koma nkhani imene ili pafupi nafe ndi ya Malenga Mulendema wa ku Zambia. Iye analowera pakhomo la kulemba. Mu 2015 anasankhidwa pa mpikisano wa nkhani wa Triggerfish ndi ganizo la atsikana anayi opulumutsa mzinda wa Lusaka wamtsogolo, ndipo ganizolo linadzakhala katuni ya Supa Team 4 imene inaoneka pa Netflix mu 2023. Zaka zisanu ndi zitatu kuchokera pa ganizo kufika pa sikirini. Amene akufuna kupanga nkhani yakeyake adziwe kuti nthawi yake imakhala yotere, ndipo afunika ntchito ina yomudyetsa m'zaka zimenezo.

Ntchito yomudyetsayo kwathu kuno ilipo, ngakhale si ya zilombo. Mabanki, makampani a mafoni ndi a zakumwa amafuna zotsatsa. Mawayilesi a kanema ngati MBC, Times ndi Zodiak amafuna zilembo zoyenda ndi zithunzi zotsegulira mapulogalamu. Oimba amafuna makanema. Mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi amafuna makatuni a mphindi ziwiri ofotokoza za kolera, katemera kapena kasungidwe ka chimanga, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, oti ayende pa WhatsApp. Omanga nyumba amafuna kuonetsa kasitomala nyumba isanamangidwe. Pamsika waung'ono chotere mudzakakamizika kuchita zambiri nokha, ndipo zimenezo si zoipa, zimakuphunzitsani momwe ntchito yonse imalumikizirana. Chofunika n'chakuti pakati pa maganyu onsewo musankhe luso limodzi lomwe mukulikulitsa mwadala, lomwe showreel yanu idzanene. Mukapanda kutero, pakatha zaka zisanu mudzakhala munthu wodziwika mutauni koma wopanda chomwe situdiyo ya ku Cape Town kapena Nairobi ingakulembereni.

Pa mitengo ndi pomwe oyamba kumene amapsa kwambiri. Kasitomala amene sanapangitsepo katuni amaganiza kuti mphindi imodzi ndi ntchito ya tsiku limodzi. Muonetseni masamu a zithunzi aja. Werengerani masiku amene ntchitoyo itenge, muwonjezere magetsi, bandulo ya intaneti, kutha kwa kompyuta ndi malipiro a woyika mawu. Lembani mgwirizano ngakhale wa tsamba limodzi: kutalika kwa kanema, tsiku lomaliza, kangati kasitomala angasinthe zinthu osawonjezera ndalama, ndi theka la malipiro ntchito isanayambe. Muvomerezetse storyboard ndi animatic musanayendetse chidole chilichonse, chifukwa mawu akuti "tangosinthani pang'ono apa" akabwera kumapeto angakudyereni masabata awiri. Mgwirizanowo unenenso mwini wa zidole ndi mafayilo. Ngati munthu wa m'katuni munamupanga nokha ndipo mukufuna kudzamugwiritsanso ntchito, musamupereke pamodzi ndi kanema mosadziwa. Ku Malawi kuli lamulo la umwini wa zaluso la 2016 ndi bungwe la COSOMA, ndipo lamulo lomwelo limakuletsani inuyo kuika nyimbo ya munthu m'kanema wanu popanda chilolezo.

Magetsi akathima pakati pa rendering ya maola asanu ndi limodzi, mtima umawawa. Njira yake ndi yodziwika kwa amisiri onse: tulutsani zithunzi chimodzichimodzi, osati fayilo imodzi ya kanema, kuti magetsi akabwera mupitirize pomwe munalekezera. Sungani ntchito ndi manambala otsatana m'malo molemba pamwamba pa fayilo yomweyo, ndipo ikhale m'malo awiri osiyana. Ndalama yoyamba yabwino imene mwapeza, batire ndi inveta zitsogole, khadi ya zithunzi yatsopano ibwere pambuyo.

Funso limene aliyense akufunsa tsopano ndi la AI. Mapulogalamu otulutsa zithunzi ndi makanema kuchokera pa mawu olembedwa akupita patsogolo msanga, ndipo ntchito zobwerezabwereza ngati roto ndi kufufuta zayamba kale kupepuka ndi zida zimenezi. Ndikuona kuti makomo akale olowera achepa, ndipo kasitomala wa zotsatsa zotchipa adzayesa kudzipangira yekha. Kunamizira kuti zimenezi kulibe n'kudzipweteka. Koma vuto la zidazi m'ntchito yeniyeni ndi kumvera. Wotsogolera filimu safuna chithunzi chokongola chilichonse, amafuna kuti dzanja ili litsike mochedwerapo ndi zithunzi zinayi, china chilichonse chisasinthe, ndipo nkhope ikhale yomweyo m'mashoti mazana atatu. Munthu amene amadziwa chifukwa chake shoti siikuoneka bwino, ndipo angathe kuikonza, adzagwiritsa ntchito zidazi n'kufulumira. Amene amangodziwa kudina ndi amene ali pangozi. Palinso nkhani ya umwini imene makhoti a m'mayiko angapo akuikambabe, choncho musapereke kwa kasitomala chinthu chotuluka m'zida zimenezi osamuuza.

Zidazi zinaphunzira kuchokera pa zithunzi zimene zili pa intaneti, ndipo za kwathu zilimo zochepa. Momwe msika wa Lizulu umaonekera dzuwa likamatuluka, momwe wakabaza amapendekera pokhota ali ndi thumba la makala kumbuyo, momwe milomo imayendera munthu akamatchula "ng'ombe" kapena "mphwanga", zimenezi amazidziwa ndi amene anakulira pamenepo. Nthano za Kalulu ndi Fisi, zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, mbiri ya nyanja ndi asodzi ake, zonsezi sizinagwiritsidwe ntchito mokwanira m'makatuni. Pa zinthu za mwambo ngati Gule Wamkulu, wopanga ayambe wakhala pansi ndi eni mwambo, chifukwa pali zimene siziyenera kuonetsedwa ngakhale kompyuta ingathe kuzipanga.

Chimene chikusowa kwambiri pakati pa opanga makatuni athu, mwa kuona kwanga, si luso lojambula koma kugwirira ntchito pamodzi ndi munthu woyendetsa ntchito. Situdiyo iliyonse ili ndi anthu amene sagwira chidole n'komwe: amalemba ndandanda ya mashoti, amadziwa ali m'manja mwa yani, amakumbutsa za masiku, amalankhula ndi kasitomala, amasaka ndalama. Imeneyinso ndi ntchito ya moyo wonse, ndipo wophunzira za bizinesi wokonda mafilimu angalowere pamenepo. Anthu anayi, wolemba ndi kujambula storyboard, woumba ndi kuika mafupa, woyendetsa zidole, ndi woyendetsa ntchito amene amasamaliranso za mawu, angathe kumaliza filimu ya mphindi zitatu m'miyezi isanu ndi umodzi akugwira madzulo ndi Loweruka. Zimenezo ndi zithunzi 4,320, mashoti mwina makumi anayi, ndipo aliyense amatulukamo ndi zoika mu showreel ya luso lake. Filimu yotero ingatumizidwe pa intaneti ku chikondwerero cha makatuni cha ku Cape Town, kapena cha ku Annecy ku France chimene chimachitika mwezi wa June chaka chilichonse, komwe masitudiyo ndi ogula mafilimu amapita kukasaka anthu atsopano.